Mmene Mungagwirire Ganizo Lisanayambe Kukulamulirani

Taganizirani za mayi wogulitsa usipa wouma mumsika wa pa Mangochi Boma, amene mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku Johannesburg. M'mawa watumiza uthenga pa WhatsApp wonena kuti mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, kusonyeza kuti uthengawo wawerengedwa, koma yankho silikubwera. Pofika masana mayiyo wasiya kuitanira makasitomala, mtima ukugunda mofulumira, ndipo nsima imene anagula yazizira asanaikhudze. Madzulo akalipira mwana wake wamkazi chifukwa cha mbale imodzi yosatsuka, ndipo usiku atumiza uthenga wachiwiri wa mawu olasa: "Bambo a mwana, ngati mwapeza wina kumeneko mungondiuza."

Pa benchi yoyandikana nayo pali mayi wina amene mwamuna wakenso ali ku Joni, ndipo nayenso uthenga wake wawerengedwa osayankhidwa. Iye wangoti mumtima mwake, "Ali pantchito, abwana awo salola foni, ayankha akaweruka," ndipo wapitiriza kuika usipa m'milu. Chimene chachitikira amayi awiriwa ndi chimodzi, koma tsiku lawo latha mosiyana kwambiri. Kusiyanako kwachokera pa chiganizo chachifupi chimene aliyense anadziuza ataona timizere tabuluu tija. Woyamba anadziuza kuti watayidwa, ndipo thupi lake, mkwiyo wake ndi zochita zake zonse zinatsatira mawu amenewo ngati kuti ndi nkhani yotsimikizika.

Anthu ambiri timakhulupirira kuti chochitika ndicho chimatikwiyitsa kapena kutikhumudwitsa mwachindunji. Timati, "Wandipsetsa mtima," kapena, "Nkhani ija yandidwalitsa." Koma pakati pa chochitika ndi mmene tikumvera pamakhala tanthauzo limene tachipatsa chochitikacho, ndipo tanthauzolo limabwera mofulumira kwambiri moti sitiliona likulowa. Katswiri wa zamaganizo wa ku New York, Albert Ellis, anayamba kuphunzitsa zimenezi m'zaka za m'ma 1950, ndipo anazifotokoza ndi zilembo zitatu: A ndi chimene chachitika, B ndi chimene munthu akukhulupirira za chochitikacho, ndipo C ndi zotsatira zake, kutanthauza mmene akumvera ndi zimene akuchita. M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa matenda a maganizo Aaron Beck, wa pa yunivesite ya Pennsylvania, anaona kuti odwala ake ovutika ndi kukhumudwa kwakukulu anali ndi maganizo ongobwera okha, odziona ngati achabechabe, oona dziko ngati lowaukira, ndiponso oona tsogolo ngati lotsekeka. Ntchito ya anthu awiriwa ndiyo inabala njira yothandizira anthu posintha kaganizidwe ndi zochita zawo, imene lero imadziwika mwachidule kuti CBT (m'Chingerezi Cognitive Behavioural Therapy), yomwe ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za m'mayiko ambiri. Zimene ndikufotokoza pano ndi gawo la njirayo limene munthu angathe kuyamba yekha, ali ndi kope la sukulu ndi cholembera basi.

Poyambira pabwino ndi thupi, chifukwa thupi silibisa. Ganizo loopsa likangolowa, ubongo umalitenga ngati ngozi yeniyeni, ndipo tiziwalo timene tili pamwamba pa impso timatulutsira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, mpweya umakhala waufupi, m'manja mumatuluka thukuta, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imauma, ndipo m'mimba mumasiya kugaya chakudya bwino, n'chifukwa chake munthu wankhawa safuna kudya. Zonsezi n'zothandiza ngati mwakumana ndi ng'ona m'mabango a mu Shire, pakuti zimakukonzekeretsani kuthawa. Vuto n'lakuti thupi limachita chimodzimodzi ngakhale pamene ng'onayo ili m'maganizo mokha. Choncho mukangomva kuti mtima wasintha mwadzidzidzi, kaya ndi mkwiyo, mantha, manyazi kapena chisoni, imani kaye. Kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, kenako muutulutse motalikitsa kuposa mmene munaukokera, ndipo bwerezani kangapo, chifukwa kutulutsa mpweya mwapang'onopang'ono kumathandiza mtima kuchepetsa liwiro. Mukatero dzifunseni funso limodzi ili: kodi posachedwapa m'mutu mwanga mwadutsa mawu otani?

Funsoli limaoneka losavuta, koma masiku oyamba yankho silipezeka msanga. Ambiri amayankha kuti, "Sindimaganiza kanthu, ndangokwiya." Musataye mtima. Bwererani pa mphindi imene zinthu zinasintha, mukumbukire amene analipo, chimene ananena, ndi chimene inu munaona, kenako mudzifunse kuti zimenezo zinatanthauza chiyani kwa inu. Nthawi zina ganizo silibwera ngati mawu koma ngati chithunzi, monga kudziona mukulandidwa katundu ndi amene munakongola kwa iwo anthu onse akuonerera. Chithunzi chimenecho nachonso ndi ganizo, ndipo chiyenera kugwidwa.

Mukaligwira, lilembeni. Gawani tsamba la kope m'zigawo zitatu. M'chigawo choyamba lembani chimene chachitika, ndipo muchilembe mouma, mmene munthu wodutsa m'njira akanachionera: "Uthenga wawerengedwa 8 koloko m'mawa, yankho silinabwere mpaka madzulo." M'chigawo chachiwiri lembani mawu enieni amene munadziuza, osawakongoletsa: "Wanditaya, ali ndi mkazi wina, ana anga asiya sukulu." M'chigawo chachitatu lembani mmene munamvera ndi chimene munachita, ndipo mupatse kumvako nambala yochokera pa 0 mpaka 10, kuti mudzathe kuona ngati kukutsika. Apa m'pamene anthu ambiri amaphonya, chifukwa amalowetsa ganizo m'chigawo cha chochitika. Kulemba kuti "anandinyoza" si kulemba chochitika ayi, koma chigamulo. Chochitika n'chakuti munthuyo anadutsa osayankha moni wanu. Kuti anachita zimenezo monyoza, kapena sanamve, kapena mutu wake unali kwina, ndi nkhani imene sinaweruzidwe. Amene sadziwa kulemba angathe kuchita zomwezi pakamwa, pofotokozera munthu amene amamukhulupirira, kapena podzijambula mawu pa foni n'kudzamvetsera mtima utakhazikika.

Ine ndinaphunzira kusiyana kumeneku movutikira. Tsiku lina m'mawa, ndikuwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndinakumana ndi mkulu wina wa kwathu amene ndimamulemekeza ngati bambo wanga. Ndinatsika panjinga, ndinawapatsa moni mwaulemu kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" koma iwo anangodutsa maso ali pansi. Mlungu wonse ndinakhala ndikufufuza mumtima chimene ndinawalakwira. Ndinakumbukira kuti pa maliro ena ndinafika mochedwa, ndinaganiza kuti mwina wina wakandinenera zoipa, ndipo ndinayamba kuzemba njira yodutsa pakhomo pawo. Patapita masiku ndinamva kuti m'mawa umenewo anali kuchokera kuchipatala kumene anachezera usiku wonse ndi mayi akunyumba kwawo amene anali atadwala kwambiri. Sanandione n'komwe. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pa masiku amene ndinkawazemba, ndiwo masiku amene ndinayenera kupita kukawazonda.

Mukalemba kwa mlungu umodzi kapena iwiri, mudzayamba kuona kuti maganizo anu ali ndi njira zimene amakonda kudutsamo, monga mmene madzi a mvula amatsatira ngalande zomwezomwezo. Ina ndi yodziyesa wodziwa za mumtima mwa mnzako, monga ndinachitira ine pa mlatho paja. Ina ndi yolosera tsoka, pamene kachinthu kakang'ono kamakula m'mutu mpaka kufika pa chiwonongeko: mwana wakhosomola, ndiye kuti ndi chifuwa chachikulu, ndiye kuti amwalira. Ina imadziwika ndi mawu akuti "nthawi zonse", "palibe" ndi "aliyense", monga "ine palibe chimene chimandiyendera" kapena "aliyense amandida." Palinso chizolowezi chodzipatsa dzina chifukwa cha cholakwa chimodzi, pamene munthu amene walephera mayeso a Fomu 4 sanena kuti "ndalephera mayeso" koma "ndine mbuli." Mwa zonsezi, chimene ine ndimachiona choopsa kwambiri ndi chomalizachi, chifukwa cholakwa chimatheka kukonzedwa, koma munthu akadzitcha dzina amasiya kuyesa.

Tsopano tafika pa ntchito yaikulu, imene ndi kulitengera ganizo ku bwalo. Tonse tikudziwa mmene amfumu anzeru amaweruzira mlandu: samva mbali imodzi n'kugamula, koma amaitana mboni, amafunsa amene anaona ndi maso, ndipo amasiyanitsa woona ndi womva. Ankhoswe nawonso sathetsa banja chifukwa cha mawu a munthu mmodzi. Koma m'mitu mwathu ganizo limabwera lokha, limadzineneza lokha, limadziweruza lokha, ndipo ife timangolandira chilango. Muliimitse ganizolo monga wodandaula, ndipo mulifunse kuti umboni wake ndi wotani. Mayi wa usipa uja akafunsa motero, apeza kuti umboni wokhawo ndi wakuti uthenga sunayankhidwe kwa maola khumi. Kenako aitane mboni za mbali inayo: mwezi watha mwamunayo anatumiza ndalama, Lachisanu lapitali anaimba foni n'kulankhula ndi ana, ndipo kale anadandaulapo kuti akakhala pantchito foni amaisiya m'chikwama. Adzifunsenso kuti pali zifukwa zina zingati zimene zingachititse munthu kuwerenga uthenga osayankha. Mwina mayunitsi anatha, mwina akuchita manyazi chifukwa alibe ndalama yoti atumize ndipo akufuna ayambe waipeza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ganizo lobwera mothamanga nthawi zambiri limakhala kandimverere wotereyu.

Pali funso lina limene limathandiza kwambiri pamene mafunso enawa akanika: mchemwali wanga kapena mnzanga wapamtima akanabwera kwa ine ndi nkhani yomweyi, ndikanamuuza chiyani? Mudzadabwa kuona kuti kwa mnzanu mumalankhula mwachifundo ndi mwanzeru, pamene kwa inu nokha mumalankhula mawu amene simungayerekeze kuuza munthu wina.

Pamapeto pa mlanduwo lembani ganizo latsopano, ndipo apa ndikufuna kutsindika chinthu chimene ambiri amachimva molakwika. Cholinga si kudzinamiza ndi mawu okoma. Mayi uja akadziuza kuti "zonse zili bwino, palibe vuto," mtima wake ukana, chifukwa mwana akadali pakhomo ndipo fizi sinalipidwe. Ganizo latsopano liyenera kukhala loona kuposa loyamba lija, osati lotsekemera kuposa ilo. Likhoza kumveka motere: "Sindikudziwa chifukwa chimene sanayankhire. Zifukwa zingakhale zambiri, ndipo mpaka pano wakhala akusamala ana. Ndidikira mpaka mawa, ndidzaimba foni n'kufunsa bwinobwino, ndipo pakadali pano ndipita kwa aphunzitsi aakulu kukapempha kuti mwana azilowa m'kalasi pamene tikufunafuna ndalama." Akawerenga mawu amenewa n'kupatsanso nkhawa yake nambala, mwina apeza kuti yatsika kuchoka pa 9 kufika pa 5. Sinathe, ndipo siyenera kutha, koma yatsika mokwanira kuti adye, agone, ndipo asatumize uthenga umene ukanayatsa moto m'banja. Ngati pambuyo pake zidzapezeka kuti mantha ake anali oona, adzakumana nazo ali ndi mutu wokhazikika, ndipo adzadziwa kuti nthawi yoitana ankhoswe yakwana.

Maganizo amabala zochita, koma zochita nazo zimabwerera kukadyetsa maganizo, ndipo mkombero umenewu ndi umene umamanga anthu kwa miyezi. Onani mnyamata wogwira ntchito pa boti lopha usipa ndi ukonde wa chilimira ku Msaka kapena ku Makawa. Masiku anayi otsatizana abwerako ndi usipa wosadzaza ndowa ziwiri, ndipo gawo lake silikwana ngakhale kugula ufa. Iye akudziuza kuti, "Ndine watsoka, chilichonse chimene ndagwira chimafa." Chifukwa cha ganizolo tsiku lachisanu sapita kudoko, atsala m'nyumba chitseko chili chotseka, kapena apita kukamwa kachasu wangongole. Mwini boti apereka malo ake kwa wina, anzake asiya kumufuna, ndipo mnyamatayo anena kuti, "Mwaona, ndinanena kuti ndine watsoka." Ganizo ladzipangira lokha umboni. Komatu asodzi onse amadziwa kuti mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali, ndiponso kuti mwera ukalimba m'miyezi yozizira maboti ambiri amabwerako opanda kanthu. Masiku anayi aja anagwera onse a m'botimo, osati iye yekha.

Njira yodulira mkomberowu ndi kuchita kanthu musanamve kufuna kukachita. Ambiri timadikira kuti mtima ukhale bwino kaye kenako tidzadzuke, koma kawirikawiri zimayenda mosemphana: munthu amayamba wadzuka, ndipo mtima umatsatira pambuyo. Sankhani chinthu chaching'ono chimene mungathe lero, ndipo muchipatse nthawi yake yeniyeni. Kwa mnyamata uja kungakhale kupita kudoko 6 koloko m'mawa kukathandiza kusoka ukonde, ngakhale asalowe m'madzi. Kwa wina kungakhale kusesa pabwalo, kupita ku mzikiti Lachisanu kapena ku tchalitchi Lamulungu, kapena kukakhala ndi anzake pa bawo kwa ola limodzi. Musanapite, lembani chimene ganizo lanu likulosera, monga "akandiseka onse," ndipo mukabwerako lembani chimene chachitikadi. Umu ndi mmene ganizo limayesedwera pa zinthu zooneka, ndipo umboni umene mwauona ndi maso anu umalowa mumtima kuposa malangizo a munthu aliyense.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti mavuto onse ali m'mutu. Njala ndi njala, ngongole ya ku banki mkhonde ili ndi tsiku lake lobweza, ndipo chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepadi kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990, moti msodzi amene akudandaula kuti nsomba zatha sakulota. Mayi amene akumenyedwa pakhomo sayenera kusintha maganizo ake kuti azolowere nkhanza, koma ayenera kupeza chitetezo kwa abale, kwa amfumu kapena ku polisi. Ganizo likapita ku bwalo n'kupezeka loona, ntchito imasintha kuchoka pa kulifunsa kupita pa kuthetsa vutolo. Pamenepo lembani vuto limodzi lokha, osati onse pamodzi, mutchule njira zonse zimene zingatheke ngakhale zooneka zopanda pake, musankhe imodzi, ndipo mutsimikize tsiku loiyamba. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench mu 2006, imene imaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi zipatala zing'onozing'ono n'kumathandiza anthu kuthetsa mavuto awo mwa njira yotereyi. Kumeneko vutoli amalitchula m'Chishona kuti kufungisisa, ndipo ndi lomwelo limene ife timati kuganiza kwambiri.

Kuganiza kwambiri kumakonda usiku, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene kutentha kwa kuno ku Mangochi sikulola tulo. Munthu amagona chagada n'kumazungulira pa nkhani imodzimodzi mpaka tambala woyamba, osafika pa chisankho chilichonse. Chothandiza ndi kuipatsa nkhawa nthawi yake masana, mwachitsanzo mphindi 15 dzuwa lisanalowe, pamene mukhala pansi ndi kope lanu n'kulemba zonse zimene zikukuvutani. Nkhawa ikabwera pakati pa usiku, muiuze kuti nthawi yake ndi mawa madzulo, ndipo mubwezere maganizo anu pa mpweya umene mukupuma. Idzabweranso, mwina kakhumi, ndipo nthawi iliyonse muibweze mofatsa osadzikalipira. Luso limeneli limakula mofanana ndi kupalasa bwato, kumene masiku oyamba bwato limangozungulira pamalo amodzi mpaka manja atazolowera.

Pali malire a zimene kope ndi cholembera zingachite, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, ndipo ntchito yakukanikani, amenewo akhoza kukhala matenda ofunika chithandizo, monga mmene malungo amafunira mankhwala. Nthawi zina kufooka ndi kugunda kwa mtima zimachokera ku kuchepa kwa magazi kapena matenda ena a m'thupi, ndipo mowa ndi chamba zimakulitsa nkhawa m'malo moichotsa, choncho kuyezetsa n'kofunika. Mayi amene wangobereka kumene n'kumangolira, osamva chikondi pa khanda lake, asadzudzulidwe koma aperekezedwe kusikelo kukafotokoza. Mungayambire kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena pa chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, ndipo iwo angakutumizeni ku chipatala cha boma cha Mangochi, kapena ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika akatswiri. Amene ali kumbali ya Monkey Bay kapena ku Malindi ali ndi zipatala kumeneko zimene angayambirepo.

Ngati ganizo limene mwaligwira ndi lakuti kuli bwino kufa, kapena mwayamba kulingalira njira yodzichotsera moyo, limenelo si loti mulimbane nalo nokha m'kope. Uzani munthu tsiku lomwelo, kaya ndi mkazi wanu, achimwene anu, shehe kapena abusa, ndipo mupite naye kuchipatala. Abambo ambiri amaona ngati kunena zoterezi n'kufooka, ndipo amasunga ngongole ndi mavuto a m'banja mumtima mpaka zitawapsinja. Inu amene mwauzidwa ndi mbale wanu mawu otere, musamuseke kapena kumulalikira, ndipo musaope kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu. Chotsani pafupi naye mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi, musamusiye yekha usiku umenewo, ndipo kukacha mukwere naye kabaza kapena minibasi mpaka mukamufikitse m'manja mwa a chipatala.